Kumenya pamwamba penipeni si kumene kumatsogoza mpira woyera

Osewera pool ambiri amakhulupirira kuti ngati akufuna mpira woyera upitirire kutsogolo utagunda unzake, ndodo iyenera kumenya pamwamba penipeni ndiponso mwamphamvu. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amaluzitsa masewero ambiri. Ndodo ikakwera kupitirira theka la mtunda wochoka pakati pa mpirawo kufika m'mphepete, nsonga yake imaterereka ngakhale mutapaka choko. Kumenya pang'ono pamwamba pa pakati n'kokwanira, pakuti nsalu ya patebulo imamalizitsa kugubuduza mpirawo.

Mphamvu nayo imasintha njira. Mukagunda mpira winawo cham'mbali, woyerawo umayamba wapatuka madigiri 90 kuchoka pa njira ya unzakewo, kenako n'kukhotera kutsogolo, ndipo mukamenya mwamphamvu umachedwa kukhota, n'kukaima kutali ndi pamene mumafuna.