Kanyali kowala ka pa mbedza si kong'amba ndi mano

Ndatopa nawo mawu akuti "adokotala, ndi timadzi chabe." Ndimagwira ntchito ya maso, ndipo ndikunena ndi inu amene mumawedza usiku: tinyali tapulasitiki tija mumapinda kuti tiwale, n'kumangirira kunsonga ya ndodo kuti muone kampango akagwira nyambo, mulibe timadzi chabe m'menemo. Chimene chimalira mukamapinda ndi kabotolo ka galasi kamene kali m'kati. Kakasweka, mankhwala a m'kabotolomo otchedwa hydrogen peroxide amasakanikirana ndi mankhwala ena ndi utoto, kuwala n'kuyamba popanda moto kapena batire. Kanyali kakakhala kotseka sindikaletsa ayi, kagwiritseni ntchito.

Chondidandaulitsa ndi nzeru ziwiri zimene mumapatsana padoko. Ena mumakadula kuti mupake madziwo panyambo. Ena kakayamba kuzirala mumakawamba pamoto kuti kadzuke. Kutentha kumakawalitsadi kwa kanthawi chifukwa mankhwala akutha mofulumira, koma pulasitiki ikafewa kamaphulikira kumaso. Kakazima ndiye kuti katha.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anakang'amba ndi mano ali m'bwato, madzi n'kumuthovukira m'diso lamanja. Mankhwalawo paokha amawawa ndi kufiiritsa diso, koma ukatsuka bwino nthawi zambiri zimatha. Iye anatikita, osadziwa kuti mwalowa kachidutswa ka galasi, ndipo kutikita kulikonse kanali kukanda cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso. Akanafika m'mawa mwake, tikanadonthezamo utoto wathu wachikasu, kuunika ndi nyali yabuluu, kuchotsa galasilo ndi kumupatsa mankhwala opha tizilombo. Ntchito yosatha ndi ola limodzi.

Anafika patapita masiku anayi. M'masiku anayiwo, azakhali anali atamudonthezera mkaka wa m'mawere, ndipo bambo wina wa zitsamba anamufinyira utomoni wa masamba, n'kumuuza kuti kuwawako ndiye kuchira. Utomoni wina umapsereza diso, masamba amatha kulowetsamo tizilombo ta chuku. Pamwamba pa izo anagula mankhwala odontheza pamsika kwa munthu amene sanamuyang'ane n'komwe m'diso. Ena mwa mabotolo amenewo ali ndi mankhwala otchedwa steroid: kufiira kumachepa, munthu n'kumati wachira, chilonda chikukumba pansi. Nditatsegula chikope ndinapeza mafinya. Mayi ake anandifunsa kuti, "Adokotala, liona?" Ndinachedwa kuwayankha.

Zikakuchitikirani, tsukani pompo ndi madzi oyera, amene mwatenga akumwa aja, kwa mphindi 15 osadukiza, chikope chili chotsegula. Musatikite. Musatokosemo ndi nsalu, nthenga kapena lilime la mnzanu. Ngati mukumvabe kuti muli kanthu, misozi siikuleka, kuwala kukukupwetekani kapena mukuona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti mugulitse kaye nsomba. Zikawakanika pafupi, akutumizani kumene kuli akatswiri a maso, monga ku Nkhoma kapena ku Lions Sight First ku Blantyre. Ndipo tinyali totha musamasiye pamchenga. Ana amatola n'kumatafuna.

Mnyamata uja tinalipulumutsa diso kuti lisaphulike, koma linatsala ndi chipsera choyera pakati penipeni. Amasiyanitsa usana ndi usiku basi. Amapitabe kunyanja, ndipo akabwera kuno amandipempha kuti ndiyambe ndaona lamanzere.