Mafinya a muubongo sachoka ndi mphini

Ndatopa nako kumva achibale a odwala akunena kuti munthu akachitidwa opaleshoni ya m'mutu sadzukanso, kapena akadzuka amakhala wozerezeka. Mawu amenewa ndi amene amachititsa anthu kukana kusaina chikalata n'kumutulutsa wodwala m'chipatala, pamene ife achipatala tikungofuna kuboola kabowo kakang'ono pachigaza kuti tipope mafinya.

Chithupsa cha muubongo nthawi zambiri chimayambira kwina: khutu lomwe lakhala likutuluka mafinya kwa zaka, dzino lowola, matenda a m'mphuno, kapena bala la m'mutu lomwe silinatsukidwe bwino. Chikakula kupitirira masentimita 2.5, mankhwala okha kawirikawiri sakwanira, ndipo mafinyawo ayenera kutulutsidwa.

Chithunzi cha CT, sikani younika m'kati mwa mutu, chimationetsa pomwe chithupsa chili, koma chimajambulidwa opaleshoni isanayambe. Ubongo ndi wofewa, ndipo tikangoboola chigaza madzi ena n'kutuluka, umasuntha pang'ono. Tikayamba kupopa, chithupsacho chimaphwa n'kusuntheranso. Dokotala wodalira chithunzi cha dzulo chokha akhoza kuphonya. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito ultrasound, makina a mtundu womwewo umene amayi oyembekezera amaunikidwa nawo kusikelo. Mwa munthu wamkulu fupa limatchinga, choncho timaunikira pa bowo lija, koma mwa khanda timaunikira pa liwombo. Pamene singano ikulowa timaiona pakanema, timaona ikuboola khoma la chithupsa, timapewa mitsempha ya magazi ndi timapanga tamadzi ta pakati pa ubongo, ndipo tisanatseke timatsimikiza ngati mafinya atsalamo. Mafinyawo amapita kulabu, wodwala n'kulandira mankhwala monga ceftriaxone ndi metronidazole kwa masabata 6 mpaka 8.

Mnyamata wina wa kupulayimale sachoka m'maganizo mwanga. Anabwera akudziyendera, akudandaula mutu ndi kusanza m'mawa, khutu lake likununkha. Chithupsa chinali pamalo osavuta kufikira. Amalume ake, omwe ndiwo eni mbumba, anati aone kaye zakumudzi. Anabwerera naye atakomoka, ali ndi mphini zatsopano pachipumi ndi m'khosi, m'khutu atathiramo madzi a masamba. Chithupsa chinali chitaphulikira m'timapanga tija, ndipo zikafika pamenepo odwala ambiri sapulumuka ngakhale makina akhale abwino chotani. Iyenso sanapulumuke.

Si chotupa chilichonse chooneka pa sikani chimene timapopa. Timatumba tobwera ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, tomwe timayambitsa khunyu, kawirikawiri timachizidwa ndi mankhwala akumwa, chimodzimodzinso toxoplasmosis, matenda a tizilombo tolowa muubongo, mwa anthu omwe chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Koma wosiyanitsa zimenezi ndi dokotala amene waona chithunzi, osati sing'anga, ngakhalenso wogulitsa makapisozi pamsika, amene amapatsa munthu mankhwala a masiku atatu ongoziziritsa thupi pamene chithupsa chikukulabe.

Musadikirenso kutentha thupi, chifukwa odwala ambiri a chithupsa chotere thupi silitentha n'komwe. Munthu wa khutu la mafinya akayamba mutu wosamva panado, kusanza, kugona kwambiri, kugwa ngati wakhunyu kapena kufooka mbali imodzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akamutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, achibale akambirane za kumudzi wodwalayo ali kale mu ambulansi.