Wodwala akamatsamwa usiku: zimene osamalira ayenera kuona pa matenda a ubongo ndi mitsempha

"Masana amakhala bwinobwino, koma usiku amatsamwa." Dandaulo limeneli timalimva kawirikawiri kwa anthu amene akusamalira odwala sitiroko, Parkinson (matenda onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi), ALS (matenda ofooketsa minofu ya thupi pang'onopang'ono) ndi matenda ena ogwira ubongo ndi mitsempha. Vuto ndi lakuti zochitika usikuzo sizikhala za mtundu umodzi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chithandizo chakechake. Ife azachipatala timamuona wodwalayo dzuwa likuswa mtengo, ali khale pampando. Amene angatiuze zoona za usiku ndi inu ogona naye chipinda chimodzi.

Pakhosi pali mphambano pamene njira ya chakudya ndi njira ya mpweya zimadutsana. Tikamameza, kholingo limakwera (ikani chala pakhosi mumeze malovu, mulimva), kachivindikiro kotchedwa epiglottis kamaphimba njira ya mpweya, timinofu totulutsa mawu timatsekana, ndipo kupuma kumaima kwa sekondi imodzi kapena kucheperapo. Zonsezi zimalamulidwa ndi tsinde la ubongo kudzera m'mitsempha ingapo yopita kunsagwada, lilime ndi kukhosi. Matenda akafooketsa kapena kuchedwetsa mbali imodzi yokha, chakudya chimafika pamphambanopo chitseko chisanatsekeke. Pafupifupi theka la anthu amene angodwala kumene sitiroko amavutika kumeza, ngakhale ambiri amayamba kupeza bwino pakatha milungu ingapo. Pa matenda opitirira kukula monga Parkinson ndi ALS, vutoli limabwera pang'onopang'ono ndipo silitha.

Chofala kwambiri usiku ndi malovu. Munthu amapanga malita 0.5 mpaka 1.5 a malovu patsiku, ndipo amawameza osadziwa. Tulo tikabwera, kumeza kumachepa kwambiri kwa wina aliyense. Kwa munthu wodwala Parkinson, dovu lonyowetsa pilo silitanthauza kuti malovu achuluka ayi, koma kuti sakumezedwa pafupipafupi. Akagona chagada, malovuwo amadikha kukhosi n'kutsetserekera m'njira ya mpweya, ndipo wodwala amadzidzimuka akutsokomola, mawu ali ngati akuchukucha madzi. Kugona chammbali ndi kukweza kumutu kwa bedi pafupifupi madigiri 30 kumathandiza. Kuunjika mapilo pansi pa mutu wokha n'kosathandiza chifukwa kumangopinda khosi. Chofunika n'chakuti thupi lonse kuyambira m'chiuno likwere. Palinso mankhwala ochepetsa malovu monga glycopyrrolate, madontho a atropine oika pansi pa lilime, kapena jakisoni wa botulinum m'tiziwalo topanga malovu. Amenewa apereke ndi dokotala, chifukwa ena amasokoneza mutu kwa okalamba, amadzimbitsa, kapena amalimbitsa makhololo mpaka kukanika kutuluka.

China ndi choopsa kuchiona. Wodwala amadzuka mwadzidzidzi, maso ali tong'o, mpweya ukukana kulowa, ndipo akamakoka pamamveka kaphokoso kosongoka. Apa timinofu ta mawu tija tatsekana mwamphamvu titakhudzidwa ndi dontho la malovu kapena asidi wokwera kuchokera m'mimba. Nthawi zambiri zimatha zokha isanakwane mphindi imodzi, ngakhale kwa wodwalayo mphindiyo imakhala ngati chaka. Mukhazikeni tsonga, muyankhuleni modekha, apume pang'onopang'ono kudzera m'mphuno. Musam'mwetse madzi panthawiyo, ndipo musapise zala mkamwa mwake. Ngati amadandaulanso chilungulira, chakudya chamadzulo achidye maola 2 kapena 3 asanagone, ndipo auzeni adokotala, popeza kuchepetsa asidi kumachepetsa kutsekeka kotereku kwa ena.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi sichichita phokoso. Pa ALS, myasthenia gravis, Guillain-Barré ndi matenda ena ofooketsa minofu, mnofu waukulu wopumira wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene timautcha diaphragm, umafooka. Munthu akaimirira kapena kukhala, za m'mimba zimatsikira pansi ndipo mapapo amapeza malo. Akagona chagada, zonse zimakankhira m'chifuwa, mnofu wofookawo n'kulephera kuzibweza. Panthawi ya tulo tolota zinthu zimaipiraipira, chifukwa minofu ina yothandizira kupuma imakhala italekerera, diaphragm n'kutsala yokha. Mpweya woipa wa carbon dioxide umaunjikana m'magazi usiku wonse.

Zizindikiro zake n'zonyenga. Mutu kuwawa m'mawa n'kusiya pakapita ola limodzi kapena awiri. Kuwodzera masana pakati pocheza. Kudzukadzuka usiku, maloto oipa, kusafuna kudya, kudzuka wotopa ngati sanagone. Ena amangoyamba kukana bedi n'kumagona pampando, achibale n'kumati ndi khalidwe latsopano la ukalamba. Mukaona zotere, musadikire tsiku la sikelo yotsatira. Kuchipatala amayeza mphamvu ya kupuma wodwala atakhala ndiponso atagona, ndipo kusiyana kwa ziwirizo kumaulula zambiri; amathanso kuyeza okosijeni wa m'magazi usiku wonse ndi kachipangizo ka pachala. Chithandizo chake ndi makina othandiza kupuma ovala kumphuno kapena kumaso, odziwika kuti BiPAP. Kafukufuku wa ku Newcastle, ku England, amene anatuluka mu 2006, anasonyeza kuti makinawa anatalikitsa moyo wa odwala ALS amene minofu yawo yapakhosi inali isanafooke kwambiri ndi miyezi pafupifupi 7, komanso anawathandiza kugona bwino.

Pano ndichenjeze mwamphamvu. Munthu wotere kumupatsa okosijeni yekha popanda kuyeza kungamuvulaze, chifukwa vuto lake si kusowa okosijeni kokha koma kulephera kutulutsa mpweya woipa uja, ndipo okosijeni wowonjezera angachititse kuti mpweyawo uchulukirechulukire. Chimodzimodzinso mapiritsi ogonetsa, mowa ndi mankhwala amphamvu opha ululu. Wodwala akamadandaula kusowa tulo, achibale achifundo amathamangira kugula mapiritsi a tulo, osadziwa kuti kudzukadzukako ndi njira imene thupi likudzitetezera.

Mkonono wamba ndi kubanika m'tulo, kumene munthu amasiya kupuma kwa masekondi angapo kenako n'kufwenthera, n'zofala kwambiri kwa odwala sitiroko ndipo zimathandizika ndi makina a CPAP, amene amauzira mpweya kuti njira yake isatsekeke. Koma ngati wodwala multiple system atrophy, matenda ofanana ndi Parkinson, ayamba kulira mosongoka pokoka mpweya ali m'tulo, umenewo si mkonono. Dokotala adziwe msanga. Kujambula phokosolo pafoni n'kothandiza kuposa kulifotokoza.

Tibwerere ku chakudya, chifukwa za usiku zimayambira patebulo. Chifuwa pakudya, ngakhale chimadetsa nkhawa, ndi mlonda: chimasonyeza kuti kukhosi kukumvabe. Odwala ambiri a mitsempha amataya kumva kumeneku, ndipo madzi amalowa m'mapapo popanda kutsokomola n'kamodzi komwe. Chimene mudzaone ndi mawu onyowa akamaliza kumwa, maso kulengeza misozi pakudya, chakudya kutsalira m'tsaya, mbale imodzi kutenga ola lathunthu, kuwonda, ndiponso kutentha thupi kobwerezabwereza. Mapeto ake ndi chibayo, chimene chili m'gulu la zinthu zopha kwambiri odwala Parkinson ndi matenda oiwala a ukalamba. Akatswiri a kayankhulidwe ndi kamezedwe amatha kuona zimenezi pojambula munthu akumeza pa X-ray, kapena polowetsa kakamera kopyapyala kudzera m'mphuno.

Pomudyetsa, wodwala akhale tsonga, ali maso bwinobwino, wailesi itazimitsidwa. Supuni ikhale yaing'ono, ndipo dikirani muone kholingo litakwera n'kutsika musanapereke ina. Inu mukhale pansi kuti maso anu alingane ndi ake. Mukamudyetsa mutaimirira, amayang'ana kumwamba, khosi limaweramira kumbuyo, njira ya mpweya n'kutseguka. Zovuta kwambiri kumeza ndi madzi enieni, zouma zoyoyoka, ndi msuzi wokhala ndi zidutswa, umene umavuta chifukwa pakamwa pamayenera kugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Wodwala Parkinson adye mankhwala a levodopa atayamba kugwira ntchito. Wa myasthenia, amene nsagwada zake zimatopa tsiku likamapita, adye chakudya chachikulu m'mawa kapena masana. Akamaliza akhalebe tsonga kwa mphindi 30.

Ufa wolimbitsa zakumwa umachepetsadi kutsamwa kwa ena, koma ine sindiutenga ngati yankho la aliyense. Anthu ambiri saukonda, amayamba kumwa pang'ono, madzi n'kutha m'thupi. Chimene chimanyalanyazidwa, chonsecho n'chotsika mtengo, ndi mswachi. Chibayo chimadza ndi tizilombo ta mkamwa tikalowa m'mapapo limodzi ndi malovu, choncho kutsuka mano, lilime ndi nkhama asanagone, ndi kuchotsa mano oikirira, kumateteza mapapo ngakhale kwa munthu amene sakudyanso pakamwa.

Nanga chubu chodyera, cha m'mphuno kapena cha pamimba chotchedwa PEG? Chimathandiza kuti thupi lipeze chakudya, madzi ndi mankhwala, koma sichiletsa malovu kapena za m'mimba kulowa m'mapapo. Pa ALS ndi bwino kukambirana za chubuchi kupuma kusanafooke kwambiri, chifukwa kuchiika mochedwa kumakhala koopsa. Pa matenda oiwala amene afika patali, palibe umboni woti chimatalikitsa moyo, ndipo kudyetsa mosamala ndi dzanja nthawi zambiri ndiye kwabwino.

Chakudya chikatsekeratu njira, wodwala osatha kuyankhula, kutsokomola kapena kupuma, muweramitseni kutsogolo, mum'menye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa, kenako mumugwire chakumbuyo n'kukankha kasanu pamwamba pa mchombo, chamkati ndi chokweza. Bwerezani zimenezi wina akuitana thandizo. Ngati akutsokomola mwamphamvu, musiyeni atsokomole. Milomo ikasintha mtundu, akavuta kudzutsa, kapena akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, pitani naye kuchipatala usiku womwewo.