Musandiuzenso kuti ndimange mashoko kuti njinga ithamange

Sabata ino yokha anthu atatu afika pagalaja ndi mawu amodzimodzi: "Amdala, tamangani mashoko, njingayi iume ngati ya pampikisano." Wachitatuyo anabwera ndi njinga yamoto ya Yamaha R6, ndipo ankalankhula uku akupukusa dzanja chifukwa zala ziwiri zinali zitachita dzanzi atangoyenda kuchoka ku Area 25 kufika ku Biwi. Mawu amenewa ndatopa nawo. Anthu anaika m'mutu kuti njinga yothamanga iyenera kuuma gwa, komanso kuti kuphwanya thupi n'kumene kumasonyeza kuti njinga ili ndi mphamvu. Limeneli ndi bodza. Nthawi zambiri njinga imene ikukuphwanyani thupi imakhala ikulepheranso kugwira msewu, ndipo mavuto awiriwa amachokera pamodzi.

Pali zina zimene sipanala singachotse, zimenezo ndivomere. R6, CBR600RR ya Honda, GSX-R600 ya Suzuki ndi ZX-6R ya Kawasaki anazipanga akuganiza za bwalo la mpikisano. Mahandulo ali pansi, zopondera zili m'mwamba chakumbuyo, ndipo chishalo cha R6 chimatalika pafupifupi mamilimita 850 kuchokera pansi. Injini yake ya 599cc imadzuka zenizeni ikadutsa 10,000 rpm, pomwe m'tauni mumayenda pa 4,000. Pa liwiro lalikulu mphepo imakankha chifuwa n'kupeputsa manja. Pamzere wa magalimoto wa pamlatho wa Lilongwe mphepo imeneyo palibe, ndiye thupi lonse limatsamira pamanja uku injini ikuwotcha ntchafu. Ngati ulendo wanu ndi wa kunyumba ndi kuntchito basi, Ninja 400 ya chishalo cha mamilimita 785 ndi mahandulo okwererapo ikanakuchitirani bwino, ndipo ndimauza aliyense zimenezi asanataye ndalama.

Koma ululu wambiri umene ndimauona ngwodzipangira. Munthu amakhala panjinga atawongola mikono ngati mitengo, atafinya mahandulo ngati wina akufuna kumulanda. Akagunda dzenje, kugunda konseko kumalowera m'manja, m'mapewa mpaka m'khosi. Choipa kwambiri n'chakuti tayala lakutsogolo limafuna kugwedezeka pang'ono lokha kuti lidziwongole likaponda chigamba cha phula, ndiye inu mukalimanga ndi mikono youma kugwedezeka kuja kumafalikira njinga yonse. Panani thanki ndi mawondo. Pondani zopondera ndi kutsogolo kwa phazi, osati pakati. Mimba ndi msana zinyamule thupi, zigongono zikhale zopinda moti mutha kuzikupiza njinga ikuyenda. Masiku oyamba ntchafu zimawawa, kenako zimazolowera. Yang'ananinso zogwirira za buleki ndi kilatchi. Zikaloza m'mwamba, dzanja limapindika nthawi zonse n'kumafinya mitsempha imene imapita kuzala. Kuzitsitsa kuti zikhale mzere umodzi ndi mkono ndi ntchito ya mabawuti ochepa chabe. Dzanzi likamatsalira mutatsika kalekale, kapena likamakudzutsani usiku, imeneyo si nkhani ya pagalaja ayi, pitani kuchipatala.

Tsopano za mashoko. Nati imene anthu amandiuza kuti ndimange siumitsa sipuling'i. Sipuling'i imakhala ndi mphamvu imene anaipangira kufakitale. Natiyo imangosintha poyambira, kutanthauza kuti njinga itsike motani inu mukakhalapo. Mafoloko, kutanthauza mashoko awiri ogwira tayala lakutsogolo, panjinga zamtunduwu amayenda pafupifupi mamilimita 120 kuchoka pamwamba kufika pansi. Wokwera akakhala, atavala zonse zimene amavala paulendo, njinga iyenera kutsika mamilimita 30 mpaka 35, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Malo amenewo ndi amene tayala limagwiritsa ntchito kuti litsikire m'dzenje kapena pamalo otsetsereka osasiyana ndi msewu. Mukamanga mpaka mapeto, malowo amatha. Pamsewu wosalala simungazindikire. Koma lowani pokhota pamene phula linachita makwinya chifukwa cha mathiraki, muona tayala likudumphadumpha, ndipo tayala likakhala m'malere silikhota komanso silimanga buleki. Msana wanu umamva kugunda komweko kumene tayala likumva.

Kuyeza kwake n'kwa tepi ndi anzanu awiri, wina wogwira njinga, wina woyeza. Mumayeza mtunda wochoka pakati pa tayala kufika pamalo amodzi a thupi la njinga, tayala litakwezedwa m'mwamba, n'kuyezanso malo omwewo inu mutakhalapo mapazi ali pazopondera. Kusiyana kwake ndiye nambala imene tikufuna. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti munthu amagula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito ku Joni, mwina mwini wake woyamba anali chimunthu cha makilogalamu 95 chimene chinkakathamanga kubwalo la mpikisano la Kyalami, iye ali ndi makilogalamu 60, koma amakwera chaka chathunthu osafunsa kuti njingayo anaitchera kulemera kwa ndani. Timasikulu ting'onoting'ono ta pamwamba ndi pansi pa mafoloko, timene timalamulira kayendedwe ka oilo mkati, timatembenuzidwa ndi aliyense wodutsa. Werengani kuti kali pa makiliki angati, lembani papepala, bwezerani pamene buku la njingayo likunena, kenako muzisintha kamodzi kokha n'kukayesa pamsewu womwewo. Mukasintha zinayi tsiku limodzi simudzadziwa chimene chakonza ndi chimene chawononga.

Matayala ndingodutsapo. Zambiri mwa njinga za 600 zimafuna mpweya wa 36 psi kutsogolo ndi 42 kumbuyo matayala ali ozizira, koma werengani pachipepala chomata chimene chili panjinga yanu, ndipo khalani ndi choyezera chanuchanu. Tayala limene layenda kwambiri pa M1 mowongoka limaphwatalala pakati, ndiye pokhota njinga imayamba yakana kenako n'kugwera mkati mwadzidzidzi. Ambiri amanamizira mashoko pa vuto limeneli. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi a sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Lakale limauma ngakhale mizere ikuoneka yatsopano.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandivutabe. Anabwera ndi CBR600RR yoyera bwino, akudandaula kuti kutsogolo kukumira kwambiri akamanga buleki ndipo manja akumupweteka. Ankafuna zomwezo, kuti ndimange mashoko. Nditagwada ndinaona kansalu komangidwa pafoloko yakumanzere, konyowa ndi oilo. Rabala yotseka oilo inali itang'ambika, ndipo wina anamuuza kuti angomangapo nsalu kuti zisamaoneke. Ndinamuonetsa ndi chala njira imene oiloyo ankatsikira, molunjika pa kalipa ya buleki, chitsulo chimene chimafinya mapadi. Ndinati, "Mphwanga, njinga iyi isatuluke pano. Foloko imodzi ilibe oilo wokwanira, n'chifukwa chake ikumira, ndipo oilo amene watayikayo akupita pamapadi." Iye anati, "Amdala, ndili ndi ulendo wa ku Blantyre Loweruka, tidzapanga ndikabwerako, mwezi ukatha." Marabalawo ndinalibe pamalopo, ankafunika kuitanitsa, ndipo ndinamulola kupita nditangotsuka kalipa.

Sanafike ku Blantyre. Atadutsa Ntcheu mbuzi inalowa mumsewu, anagwira buleki, kutsogolo kunamira mpaka kugunda pansi, mbali imodzi ya buleki inali itanyowanso kale, ndipo njinga sinaime pamene inkayenera kuima. Anathyoka fupa la paphewa ndi mkono. Moyo anapulumuka chifukwa anali atavala helemeti yabwino ndi jekete, koma dzanja lake lamanja silinabwererenso mwakale. Anabwera kudzandiona patapita miyezi, ndipo sanandiimbe mlandu. Ine ndimakumbukirabe kuti ndinali nditagwira makiyi ake m'manja mwanga tsiku lija, ndipo ndinamubwezera. Mapadi akamwa oilo satsukika, amafunika kutaya, ndipo zimenezi ndinkazidziwa. Kuchokera nthawi imeneyo njinga yotaya oilo pafoloko ndimaiuza mwini wake mosapita m'mbali kuti aisiye kapena aikweze pa lole, ngakhale akwiye.

Amene anamuuza za nsalu uja alipo ambiri, ndipo ndi amene amandipsetsa mtima kuposa okwerawo. Kudziwa kukonza njinga ya kabaza ndi luso, sindikunyoza, koma njinga ya 125cc ndi ya 600cc si zofanana. Ndatsegulapo mafoloko n'kupezamo oilo wa injini, ena anathiramo wa giyabokosi kuti "alimbe". Ndaonapo sipuling'i yodulidwa ndi sowo kuti mwini wake wamfupi afike pansi, pomwe kudula sipuling'i kumaiumitsa n'kuchepetsa malo oyendamo. Ena amatsitsa kumbuyo kokha n'kusiya kutsogolo, njinga n'kuyamba kukana kukhota. Ena amakakamiza tayala la mamilimita 190 m'lifupi pa limu yopangidwira la 180 poti likuoneka lonenepa, osadziwa kuti likapanikizika limasintha maonekedwe. Tcheni amachikoka ngati chingwe cha gitala, ndiye shoko yakumbuyo ikafuna kutsika tcheni chimakana, n'kumadya mabeyaling'i a giyabokosi. Injini ikatentha pamzere wa magalimoto amachotsa themositati n'kuthira madzi a pampopi mu rediyeta, pomwe vuto linali fani yosazungulira. Oilo wa galimoto amamuthira mu injini imene kilatchi yake imasambira mu oilo momwemo, kilatchi n'kuyamba kuterereka. Pabotolo pazilembedwa JASO MA kapena MA2. Ndipo ekizozi yaphokoso imene aliyense amayamba kugula siwonjezera chilichonse chimene mungachimve pamsewu, ndalama imeneyo ikanagula oilo wa mafoloko, marabala ndi madzi a buleki a DOT 4, amene amafunika kusintha zaka 2 zilizonse koma ambiri sanawasinthepo chigulire njinga.

Munthu akakuuzani kuti akonza mashoko koma sanakufunseni kulemera kwanu, sanatenge tepi, sanakuuzeni kuti mukhale panjinga, chotsani njinga yanu pamenepo. Mukaona kamzere ka oilo pafoloko, kapena shoko yakumbuyo ikamadumpha kawiri katatu mukaikankha, musadikire malipiro a mwezi wamawa mukukwerabe. Iimikeni, mukwere minibasi.

Wa R6 uja ndinamasula zimene ankafuna kuti ndimange. Kumbuyo inkatsika mamilimita 15 okha, tinaifikitsa pa 32, tinatsitsa zogwirira, tinachepetsa mpweya wa m'matayala umene anamupopera mpaka 50 psi pamalo ena. Ndamuuza kuti abwerenso Lachisanu atavala jekete ndi helemeti yake, ndipo ngati amanyamula mayi akunyumba kumbuyo abwere nawo, chifukwa muyeso wa anthu awiri ndi wina.