Haiku si kungowerenga maphatikizo 5-7-5

Zaka ndi zaka tikumvabe zoti mizere itatu ya maphatikizo 5-7-5 ndiye haiku basi, ndakatulo yaifupi ya ku Japan. Zatikwana.

Alakatuli a ku Japan sawerenga maphatikizo, amawerenga timagawo ta kamvekedwe totchedwa on. Liwu lokoka limawerengedwa kawiri, ndipo n wotseka phatikizo amaima payekha. N'chifukwa chake Tokyo ali ndi on 4, to-o-kyo-o, ngakhale maphatikizo ndi 2. Haiku yachikale imafunanso kigo, mawu osonyeza nyengo, komanso kireji, mawu odula ganizo monga "ya" kapena "kana". Mizere itatuyo? Kwawoko kawirikawiri amailemba mumzere umodzi wotsika.

Pezani haiku ya Chijapani yolembedwa m'zilembo zathuzi, muwerenge nokha ma on. Kigo mumaipeza mu saijiki, buku la mndandanda wa mawu a nyengo. Musanatsimikize, chonde musaphunzitse ena lamulo longomva.