Laminate: pansi posafuna msomali, posafunanso chikolopa chonyowa

Mvula inali itagwa sabata yathunthu mu Januwale, ndipo foni inalira m'mamawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Anali mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe amene ndinawayalira laminate, matabwa a kufakitale oyala pansi m'nyumba, pabalaza miyezi itatu m'mbuyomo.

"Amisiri, tabwerani mudzaone. Pansi panu paja padzuka."

Panalidi patadzuka. Pakati pa balaza panatukumuka ngati mzere wa mbatata. Ukaponda apa pamalowa, n'kukatulukira uko. Ndinazula skirting, timatabwa ta m'munsi mwa khoma, mbali zonse zinayi, mpata wa m'mphepete mwa khoma unali bwinobwino. Cholakwa ndinachipeza pakhomo lolowera kukhitchini, ndipo chinali changa. Pofuna kuti paoneke mwaudongo, ndinadula thabwa limodzi kuti lithinane ndi felemu yachitsulo. Ntchitoyo ndinagwira mu Okutobala, kunja kuli gwaa, matabwa ali ouma. Mvula itabwera anamwa chinyezi cha mumpweya, anafuna kutambasuka, anagunda chitsulo, ndiye poti analibe kolowera anakwera m'mwamba.

Kuti izi zimveke, muyenera kudziwa chimene mukugula. Laminate si thabwa ngati la mlombwa kapena la paini wa ku Chikangawa. Mukalidula n'kuyang'ana m'mbali mupeza zigawo zinayi. Pamwamba pali chikopa cholimba choonekera mkati, cha melamine, chimene chimapirira nsapato. Pansi pake pali pepala losindikizidwa chithunzi cha mtengo; mizere yokongola mumaiona ija ndi chithunzi chabe. Pakati pali HDF, ndiye kuti timaulusi ta mitengo tosakaniza ndi guluu n'kutsindira mwamphamvu, ndipo kunsi kuli chigawo china choletsa thabwalo kupindika. Kampani ya Perstorp ya ku Sweden ndiyo inatulukira zimenezi mu 1977, n'kumagulitsa pa dzina loti Pergo. Oyambirirawo ankamatidwa ndi guluu m'mbali. Olumana okha amene tikuyala lerowa anabwera cha m'ma 1996 ndi 1997, kuchokera ku Välinge ya ku Sweden komweko ndi Unilin ya ku Belgium.

Chigawo chapakaticho ndiye mwini nkhani. Ndi mtengo ndithu, ndipo mtengo umafufuma kukakhala chinyezi, n'kubwerera kukauma. Opanga ena amati kusunthako kumatha kufika 2 mm pa mita iliyonse. N'chifukwa chake laminate siikhomedwa ndi misomali, siimatidwanso kusimenti. Matabwa amangolumana okhaokha n'kukhala ngati mphasa imodzi yaikulu yogona pamwamba pa simenti, ndipo mphasayo iyenera kukhala ndi mpata wa 8 mpaka 10 mm paliponse pamene ikukumana ndi chinthu chosasuntha: khoma, felemu, paipi, chipilala. Malo amodzi okha othina akwanira kudzutsa balaza lonse.

Koma ntchito zambiri zimene ndaitanidwa kukakonza sizinaonongeke chifukwa cha mpata. Zinaonongeka chifukwa cha simenti yonyowa. Nyumba zambiri kwathu kuno zinathiridwa konkire popanda kuyala pulasitiki pansi pake, ndiye nthawi ya dzinja madzi a m'nthaka amakwera pang'onopang'ono. Pa simenti yopaka polishi kapena pa matailosi simungazindikire. Mukavindikira ndi laminate, chinyezicho chimatsekeredwa, n'kulowa m'matabwa cha kunsi. Poyamba m'mphepete mwa thabwa lililonse mumatukuka, kenako pamayamba kamfungo ka nkhungu. HDF ikatupa ndi madzi siibwereranso, ngakhale muiyanike padzuwa la mu Novembala.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dulani pulasitiki wa theka la mita mbali zonse, mum'mate pa simenti ndi tepi kuti mpweya usalowe, m'malo atatu kapena anayi, makamaka m'makona ndi kukhoma la kunja. Mudikire masiku awiri. Mukamatula n'kupeza timadontho kapena simenti itada, imani kaye. Mayesowa ndi a kunyumba. Amakuuzani pamene pali vuto lalikulu, koma pulasitiki wouma mu Seputembala sakulonjeza chilichonse za Febuluwale. Ine ndimafunsanso eni nyumba ngati penti ya m'munsi mwa khoma imasendeka nthawi ya mvula, ndipo ndimazungulira kunja kuona kumene madzi a padenga amathera. Ngati nyumba ndi yatsopano, lamulo la amisiri n'lakuti simenti yothira pansi imauma pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiye ya 5 cm ipatseni miyezi iwiri osachepera, konkire wokhuthala kuposa apo. Anthu amathamangira kulowa m'nyumba kuti asiye kulipira lendi, ndikumvetsa, koma bola kulowa pa simenti yokha n'kudzayala pambuyo.

Ngakhale simenti ioneke youma, pulasitiki wa 0.2 mm ayalidwe ndithu. Zidutswa zake zisanjikizane 20 cm, mumate ndi tepi, ndipo m'mbali akwere pang'ono kukhoma. Pamwamba pake mpamene pamabwera underlay, kasiponji kopyapyala ka 2 kapena 3 mm kochepetsa phokoso. Ena amayala kawiri poganiza kuti pafewa bwino. Kufewako n'kumene kumathyola malumikizo.

Pansi pakhalenso pofanana. Tengani levulo yaitali kapena chitsulo chowongoka cha mamita awiri, muyendetse m'chipinda chonse mutagwada, mukusuzumira kunsi kwake. Paliponse pamene pakutsala mpata wopitirira 3 mm pafunika kukonza: chulu chigemuleni kapena chipaleni, chigwa chithireni simenti yodzisalaza yokha. Thabwa likagona pamwamba pa chigwa limagwadira munthu aliyense wopondapo, tsiku ndi tsiku, mpaka lilime lake, kamlomo ka m'mbali kolowa m'kangalande ka thabwa linzake, limathyoka. Polishi wofiira wa zaka zambiri alibe vuto kwa laminate popeza siimatidwa, koma ngati mukuthira simenti yosalazira, polishiyo achoke kaye, apo ayi siigwira. Mukaona njira za chiswe m'ming'alu kapena m'munsi mwa khoma, thanani nacho musanavindikire; musachipatse denga ndi chakudya nthawi imodzi.

Pogula, werengani katoni. Makulidwe amakhala 7, 8, 10 kapena 12 mm, ndipo 8 mm ndi wokwanira m'nyumba ngati pansi pali pofanana. Chofunika kwambiri ndi chilembo cha AC, chosonyeza kupirira kwa chikopa cha pamwamba. AC3 ndi yokwanira kuchipinda chogona. Pabalaza ndi mukolido, pamene ana amathamanga ndi mchenga kumapazi, ine ndimalangiza AC4. AC5 ndi ya m'masitolo ndi m'maofesi. Pa muyezo wa chipinda onjezerani magawo 10 pa 100 alionse chifukwa cha zodula. Chipinda cha mamita 4 ndi 3.5 ndi masikweya mita 14, kuonjezerako chikhala 15.4, ngati katoni yalembedwa masikweya mita 2.2, mufunika makatoni 7. Gulani onse tsiku limodzi, chifukwa mtundu umene uli m'sitolo lero mwina mwezi wamawa sudzapezekanso. Mukafika nawo, agonekeni chafufumimba m'chipinda chomwecho maola 48 osatsegula kuti azolowere mpweya wa m'menemo. Osawaimika kukhoma, amapindika.

Kuyala kwenikweniko ndiye gawo losavuta, ndipo munthu wodziwa kugwira sowo ndi tepi angathe. Chimene ambiri amalumpha ndi masamu a mzere womaliza. Tiyerekeze kuti chipinda ndi 345 cm m'lifupi ndipo thabwa ndi 19 cm. Kuchotsa mipata iwiri ya 1 cm patsala 343. Mizere 18 itenga 342, ndiye womaliza udzakhala kachingwe ka 1 cm kosatheka kulumikiza. Mzere womaliza usachepere 5 cm. Njira yake, phatikizani 19 ndi 1, mugawe pawiri: woyamba 10 cm, womaliza 10 cm, pakati mizere yathunthu 17. Makoma athu ambiri si owongoka, choncho yesani malo atatu, osati amodzi.

Yambirani pakona, lilime la thabwa litaloza kukhoma, n'kuika timipiringidzo ta 1 cm pakati pa thabwa ndi khoma. Zidutswa za matabwa omwewo zimagwira ntchitoyi. Anthu ambiri amakonda kuti matabwa atsate kuwala kochokera pawindo lalikulu kapena utali wa chipinda. Apa palibe lamulo, ndi maso anu. Chidutswa chotsala kumapeto kwa mzere ndicho choyambira mzere wotsatira, bola malumikizo a mizere yoyandikana atalikirane 30 cm kapena kuposa, monga momwe omanga sasanjika njerwa mfundo pa mfundo. Lowetsani lilime mopendeketsa, mutsitse, mumva kuti "tha". Likakana, musalimenye ndi hamala mwachindunji. Kawirikawiri muli kamchenga kapena utuchi m'kangalande; puzirani, muyesenso. Tengani matabwa m'makatoni atatu mosinthanitsa kuti chithunzi chimodzimodzi chisagundane. Podula ndi sowo ya pamanja nkhope ya thabwa iyang'ane kumwamba, ndi sowo yamagetsi ya jigsaw iyang'ane pansi, kuti chikopa chisabenthuke. Dulirani panja mutavala chotchinga mphuno, fumbi la HDF si lopuma.

Tsopano mafelemu aja. Malangizo a pa katoni amati mudule felemu cha kunsi kuti thabwa lilowe pansi pake. Olembawo amaganizira felemu yamatabwa. Yachitsulo yozikika mu simenti simungaidule chotero. Jambulani maonekedwe ake pa katoni, musamutsire pa thabwa, mudule mosiya mpata, kenako mpatawo muutseke ndi silikoni wofanana mtundu, amene amalola kusuntha. Pakhomo lililonse pakhale kachitsulo kooneka ngati T kolekanitsa zipinda, ndipo ngati balaza lapitirira mamita 8 kapena 10, malingana ndi zolembedwa pa katoni, palekanitsidwenso. Onaninso chitseko, chifukwa pansi pakwera ndi 1 cm. Chamatabwa n'chopala, chachitsulo chifuna wowotcherera. Skirting ikhomedwe kukhoma, osati ku laminate. Ngati nyumba ili kale ndi skirting ya simenti, siyani mpata pamenepo n'kuuphimba ndi kamtengo kopyapyala kogwira ku skirting komweko. Makabati a kukhitchini ayambe aikidwa, laminate iwazungulire.

Kubafa ndi kochapira ine sindiyala, ngakhale katoni italonjeza zotani. Kumeneko matailosi kapena vinyl. Kukhitchini ndimavomera monyinyirika, ndipo ndimayamba ndafunsa ngati mbaula imalowa m'nyumba magetsi akazima. Khala limodzi lamoto likagwera pa laminate limasiya chipsera chosapalika, popeza kunsi kwa chikopa kuli pepala.

Chovuta kwenikweni ndi kusintha dzanja la wokolopa. Tinakula tikuthira madzi pansi, kukolopa, kupaka polishi n'kupukuta mpaka pawale. Laminate siifuna chilichonse mwa izi. Polishi amangoichititsa mbuu ndi kuterera, madzi amalowa m'malumikizo. Sesani ndi tsache lofewa, mupukute ndi nsalu yofinyidwa kwambiri, yoti pansi paume musanafike kukhomo. Tiyi akatayika, pukutani pompo. Pakhomo pakhale chopondera, miyendo ya mipando muimate tinsalu kunsi. Zimenezi ndimafotokozera amene amakolopa m'nyumbamo pamaso, osati bwana yekha.

Kwa mayi a ku Area 25 aja tinachita mwayi, madzi sanalowe ndipo malilime anali asanathyoke. Ndinadula 1 cm mozungulira felemu, tinasanjika matumba awiri a chimanga pa mzere uja, patatha masiku atatu pansi panagona. Thabwa limodzi lokha la pakhomo ndi limene ndinasintha, kuchokera mu theka la katoni limene ndinawauza kuti asunge pamwamba pa wadiropu.