Mapiritsi a BP ndi a mafuta a m'magazi samwedwa ngati LA

Mwezi watha kukiliniki yathu kuno ku Nkhotakota kunabwera bambo wina wa cha ku Chia, msodzi wa zaka za m'ma 50, wa thupi lolimba, m'manja muli zikang'a zokhazokha chifukwa cha nkhafi ndi maukonde. Nditatsegula kabuku kawo ka kuchipatala ndinapeza kuti tinawalembera mankhwala a BP mu Febuluwale, ndipo kuchokera pamenepo masamba onse ali mbee.

"Bambo, nanga mapiritsi aja?"

"Aja ndinamaliza, adokotala. Mutu unaleka, ndiye ndinati basi, ndachira."

Makina anaonetsa 178/104.

Sindinawakalipire, chifukwa anachita zimene matenda ena anatizoloweza tonsefe. Ife a kunyanja tinakula ndi malungo, ndipo malungo anatiphunzitsa kuti mankhwala ali ndi pothera: LA masiku 3, m'mawa ndi madzulo, thupi likazizira nkhani yatha. Mapiritsi a BP ndi a mafuta a m'magazi sali m'gulu limenelo. Anzawo enieni ndi ma ARV. Munthu amene ali pa ma ARV akanenepa n'kuyambanso kulima, palibe amamuuza kuti asiye kumwa, pakuti tonse tinamvetsa kuti thanzi lakelo likuchokera m'botolomo. BP ikatsika n'kufika pa 128/80, mapiritsi ndi amene akuigwira. Mukawasiya, pakapita masiku kapena masabata imabwerera pomwe inali.

Dzina limene tinapatsa matendawa nalonso limasocheretsa. Timati kuthamanga kwa magazi, koma magazi sakuchita liwiro ayi. Vuto ndi mphamvu imene akukankhira makoma a mitsempha, monga madzi mu paipi ya mthirira imene wina waiponda kutsogolo injini ikupopabe. Nambala ya pamwamba ija ndi kukankha kwa magazi pamene mtima ukupopa, ya pansi ndi pamene mtima ukupumira usanagundenso. Tikakuyezani masiku osiyana n'kumapezabe 140/90 kapena kupitirira apo, timati muli ndi BP. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali nayo, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Akanadziwa bwanji? Kawirikawiri simva kupweteka. Imangodya impso, maso, mtima ndi ubongo mwakachetechete, mpaka tsiku limene munthu adzuka pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo zitafa. Choncho kumwa piritsi pokhapokha mutu ukawawa n'chimodzimodzi kusamwa.

Piritsi limene ambiri amayamba nalo m'zipatala zathu ndi hydrochlorothiazide, limene timangoti HCT, nthawi zambiri la 25 mg. Limagwira ntchito pa impso, kuti zitaye mchere wambiri mu mkodzo, ndipo madzi amatsatira mcherewo. N'chifukwa chake timati mwani m'mawa. Womwa madzulo amachezera kutuluka panja. Kukodza pafupipafupiko kumachepa thupi likazolowera. Koma kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa limaswa mtengo, munthu wa HCT amene watandala m'munda wa mpunga kapena m'minda ya nzimbe ku Dwangwa osamwa madzi amatha kumva chizungulire podzuka. Imwani madzi, ndipo podzuka pamphasa yambani mwakhala kaye tsonga. HCT amachepetsanso potaziyamu m'thupi, zimene zimabweretsa kufooka ndi kukokana kwa minofu, ndiponso amadzutsa gauti, nyamakazi ija imene imatupitsa chala chachikulu cha kuphazi usiku. Amene anadwalapo gauti anene tisanalembe.

Amlodipine, wa 5 mg kapena 10 mg kamodzi patsiku, amamasula minofu ya m'makoma a mitsempha kuti njira ya magazi itakasuke. Ndinene poyera kuti pa mankhwala onsewa ine ndimakonda ameneyu. Amagwira bwino pa anthu akuda, amakhalitsa m'thupi kotero kuti mukachedwa ndi maola angapo palibe chimawonongeka, ndipo safuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Si maganizo anga okha. Mu 2019 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CREOLE, amene anachitika m'mayiko 6 a kuno ku Africa, kuphatikizapo anansi athu a ku Mozambique. Anapeza kuti kuphatikiza mankhwala awiri mmodzi mwa iwo akakhala amlodipine kunatsitsa BP kuposa kuphatikiza kopanda iyeyo. Choipa chake ndi kutupa kwa akakolo, makamaka madzulo ndiponso pa 10 mg. Amayi ambiri akaona mapazi atupa amaganiza za impso, ena amafika poti awaponda mankhwala panjira. Kawirikawiri ndi piritsilo basi, ndipo tikachepetsa mlingo n'kuwonjezera lina kutupako kumaphwa. Ena amamva mutu ndi kutentha kumaso sabata yoyamba, kenako zimatha zokha. Nifedipine ndi m'bale wake.

Enalapril, pamodzi ndi abale ake captopril ndi lisinopril, ali ndi mbiri yodabwitsa. Anachokera ku ululu wa njoka ya ku Brazil yotchedwa jararaca, imene ikaluma munthu BP imagwa mwadzidzidzi. Wasayansi wa kumeneko, Sérgio Ferreira, anafufuza ululuwo, ndipo ntchito yake ndi imene inatsegula njira yopangira captopril, amene anavomerezedwa ku America mu 1981. Musaope, m'piritsimo mulibe ululu wa njoka, anangotengerako nzeru. Mankhwalawa amatsekereza thupi kupanga chinthu china chimene chimafinya mitsempha. Paokha sagwira mwamphamvu pa ife anthu akuda, n'chifukwa chake timakonda kuwawonjezera pamwamba pa HCT kapena amlodipine. Koma kwa munthu wa shuga amene impso zake zayamba kutaya mapuloteni mu mkodzo, kapena amene mtima wake wafooka, ndi mankhwala a mtengo wapatali, chifukwa amateteza ziwalo zimenezi.

Pa enalapril pali zinthu zoti musaiwale. Ena amayamba chifuwa chouma, chokereketa kukhosi, chosatha. Ndaonapo anthu atapereka makhololo kawiri konse poganizira TB, chonsecho ndi piritsi. Kuyezetsa TB n'koyenera ndithu, koma uzani wokuyezaniyo kuti mukumwa enalapril. Ikakhala nkhani ya piritsi timasintha n'kupereka losartan ngati alipo. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, limenelo si la mawa: siyani kumwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Mukatsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza kosalekeza, bwerani msanga, pakuti thupi likauma enalapril ndi HCT amatha kupweteka impso, ndipo nthawi zina timayamba tawaimitsa kaye. Chachikulu koposa: mayi woyembekezera asamwe enalapril, captopril, lisinopril kapena losartan, chifukwa amawononga mwana m'mimba. Mayi amene akufuna kutenga pathupi, kapena wangoona kuti mwezi wamudumpha, abwere timusinthire. Kwa oyembekezera kuli methyldopa ndi nifedipine.

Atenolol amachepetsa kugunda kwa mtima. Masiku ano sitiyambira iyeyo pokhapokha pali vuto lina la mtima. Wa mphumu amupewe, ndipo amene akumwa kale asamusiye mwadzidzidzi, mtima umadzidzimuka n'kuyamba kugunda mwaphuma.

Pali nkhani ina imene abambo sanena pamzere, amayembekeza kuti anthu onse atuluke, kenako n'kubwerera ngati aiwala chipewa. HCT ndi atenolol amatha kuchepetsa mphamvu za m'banja mwa abambo ena. N'zoona, ndipo si zochititsa manyazi. Koma BP yosasamalidwa ndi shuga zimawononga mitsempha ya kumeneko kuposa piritsi lililonse. Tiuzeni, mankhwala osinthira alipo.

Anthu ambiri amakhumudwa tikawawonjezera piritsi lachiwiri kapena lachitatu, amaona ngati matenda akula. Ayi. Odwala ambiri amafunika mitundu iwiri kapena kuposa, chifukwa uliwonse ukugwira mbali yake: wina impso, wina mitsempha. Chimene chimatigwetsa ulesi ife ndi zimene zimalimbana ndi mapiritsiwo kunyumba. Msana ukawawa anthu amathamangira kugolosale kukagula bulufeni, diclofenac kapena indosidi. Amenewa amakweza BP, amasunga mchere ndi madzi m'thupi, ndipo akakumana ndi HCT ndi enalapril impso zimaona zakuda. Panado ndiye wabwinoko. Kenaka mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya. Nsomba zoumitsa ndi mchere ziviikeni kaye n'kutaya madziwo. Soda wa kugolosale amene timathira m'therere ali ndi sodiyamu yemweyo wa mu mchere, chimodzimodzi timabuloko tokometsera ndiwo tija. Za adyo, mandimu ndi cham'mwamba, idyani ngati mumazikonda, sindiletsa. Chimene ndimakana ndi kuziika m'malo mwa mapiritsi.

Tsopano za mafuta. Kolesterolo si mdani yekhayekha; thupi limamufuna popanga makoma a maselo, ndulu ndi mahomoni ena. Wambiri sachokera m'mbale, amapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe. Apa ndiye pamene anthu amadabwa: munthu wowonda ngati bango amatha kukhala naye wochuluka, makamaka ngati zili kumtundu. Pa pepala la zotsatira mudzaona LDL ndi HDL. LDL ndi amene amamatirira m'makoma a mitsempha chaka ndi chaka mpaka njira itachepa, ndipo tsiku lina chotupa cha mafuta omatirirawo chikang'ambika magazi amaundana pomwepo. Zikachitikira mumtima, mtima umagwidwa. Zikachitikira mu ubongo, ndiye sitiroko. HDL amathandiza kubweza mafutawo kuchiwindi. BP ndi LDL zikakumana mwa munthu mmodzi zimathandizana kuwononga, china chikukanda khoma, china chikulowa pokandikapo.

Mankhwala ake ndi ma statin, ndipo kuno timaona kwambiri simvastatin ndi atorvastatin. Ife olima mpunga tinyadireko pang'ono: woyamba wa mtunduwu anaupeza wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, m'zaka za m'ma 1970, mu chuku chimene chinamera pa mpunga. Statin amachepetsa ntchito ya chiwindi yopanga kolesterolo, ndiye chiwindi chimayamba kukoka LDL wa m'magazi. Malinga ndi mtundu ndi mlingo, LDL amatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso kufika theka. Simvastatin amwedwe usiku, popeza chiwindi chimapanga kolesterolo wambiri munthu ali mtulo ndipo piritsilo silikhalitsa m'thupi. Atorvastatin nthawi iliyonse, bola ikhale yomweyomweyo tsiku ndi tsiku.

Kuyeza mafuta sikupezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndipo ena amafunsa chifukwa chake tawalembera statin osawayeza. Munthu amene anagwidwapo sitiroko yotseka mtsempha kapena matenda a mtima otseka mitsempha, komanso wa shuga wa zaka 40 kapena kuposa, chiopsezo chake n'chachikulu kale, ndipo statin amamuthandiza ngakhale nambala yake isakhale yoopsa. Pamene wachinyamata wopanda vuto lina, amene mafuta angokwera pang'ono, timayamba ndi za m'mbale: achepetse nyama ya mafuta, majarini, ndi tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza. Usipa, utaka ndi chambo asasiye. Ndipo chonde lekani kunamizira mapeyala ndi nsinjiro. Chomera chilichonse chilibe kolesterolo, ndipo mafuta a ziwirizi ndi abwino, bola osachita kudya ngati mpikisano.

Anthu ambiri amamwa statin osamva kalikonse. Ena ochepa amamva kuphwanya kwa minofu ya m'ntchafu ndi m'mapewa. Kupwetekako kukakula, thupi n'kufooka, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, siyani kumwa ndipo bwerani tsiku lomwelo. Ngozi imeneyi imachuluka simvastatin akakumana ndi mankhwala ena amene amamuunjika m'magazi: erythromycin, ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir ndi lopinavir, amene sayenera kumwedwa pamodzi ndi simvastatin n'komwe. Ngakhale amlodipine wathu uja amatero pang'ono, n'chifukwa chake womwa amlodipine sitimupitiriza 20 mg ya simvastatin. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafooketsa amlodipine ndi ma statin, kotero BP imatha kukwera munthu ali pa mankhwala a TB. Amene muli ndi timabuku tiwiri, ka ku ma ARV ndi ka kukiliniki ya BP, muzibwera nato tonse. Woyembekezera ndi woyamwitsa timawaimitsa statin. Asipirini wamng'ono wa 75 mg si wa aliyense wa BP. Amatha kutulutsa magazi m'mimba, ndiye dikirani akulembereni.

Ndikudziwa kuti nthawi zina mumafika pawindo la famase n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, mutalipira kale kabaza kuchokera kutali. Zimatiwawa nafenso. Musadikire piritsi lomaliza; bwerani kukadali a sabata imodzi. Mukakagula kufamase ya m'tauni, tengani kabuku, ndipo yang'anani dzina ndi mlingo, osati mtundu wa piritsi, pakuti amlodipine wa kampani ina ndi woyera, wa ina amaoneka mwina. Musabwereke a mnansi. Mukaiwala tsiku limodzi musamwe awiri mawa lake. Sungani pamalo pouma, posafika dzuwa, osati pawindo kapena kutsindwi la malata. Abale athu Achisilamu, mwezi wa Ramadhani usanafike bwerani tikambirane: ambiri mwa mapiritsiwa ndi a kamodzi patsiku, ndipo amatheka kusunthidwa kuti muzimwa pomasula madzulo kapena m'bandakucha, koma HCT amafuna kumuganizira bwino chifukwa cha ludzu la masana.

Bambo a ku Chia aja tinawayambitsanso HCT n'kuwonjezera amlodipine wa 5 mg. Anatembenuza timapepala tiwirito kangapo, kenako anafunsa funso limene sindinaliganizire.

"Nanga poti ife m'mawa wathu ndi madzulo? Timalowa m'madzi dzuwa likulowa, kutuluka kutacha, kenako kugona."

Tinagwirizana kuti azimwa onse awiri akadzuka masana, pa nsima, asanayambe kusoka maukonde, ndipo m'bwato azinyamula chigubu cha madzi akumwa. Ndinalemba tsiku lobweranso m'kabuku ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mayi a kunyumba kwawo, amene anali atakhala phee pabenchi nthawi yonseyi, anatambasula dzanja n'kulandira kabukuko, n'kukamangirira pa nsonga ya chitenje.